Kupempha ndi kuyendetsa thandizo la ophunzira ovutika m'makoleji: malangizo kwa a ku Dedza ndi Ntcheu

Mwana wa ku Tsangano, ku Kasumbu kapena ku Golomoti akasankhidwa kupita ku yunivesite, ndalama za ulendo woyamba zimapezeka ndithu. Mbuzi imagulitsidwa, atsibweni amakatenga ngongole ku banki m'khonde, mpingo umasonkha, mwana n'kukwera basi. Mavuto amayamba semesita yachiwiri kapena yachitatu, khola litatsala lokhalokha, eni nyumba ku Chikanda kapena ku Luwinga akugogoda kufuna lendi, mwana akudya kamodzi pa tsiku. Ambiri mwa osiyira panjira si kuti mutu sugwira ayi. Amagwa pa zinthu zoti munthu angathe kuziwerenga n'kuziikira mtengo.

Malangizo awa ndi a anthu amene ali ndi udindo wopezera ana oterewa thandizo: a m'maofesi oona za ophunzira m'makoleji, makomiti a maphunziro a m'mipingo, magulu a ophunzira akale a sukulu za sekondale, ndi mabungwe a m'madera. Opereka ndalama anamva kale kuti ana akuvutika. Chimene amafuna kwa inu n'chakuti muwaonetse pamene mwana amagwera, chimene mudzachite pomwepo, ndi mmene mudzawerengere kuti chatheka.

Ndalama zake ndi ziti, nanga ndi za yani

Dziko limene linayala bwino malamulo a thandizo lotere ndi America. Boma lalikulu la ku Washington limathandiza ophunzira osauka m'njira ziwiri zimene anthu amakonda kusokoneza. Yoyamba ndi Pell Grant, imene inakhazikitsidwa mu 1972: ndalama zosabweza zotuluka m'dzina la wophunzira akadzaza fomu yopemphera thandizo yotchedwa FAFSA. M'chaka cha maphunziro cha 2024/25 munthu mmodzi sankalandira zoposa madola 7,395. Yachiwiri ndi ndalama zimene boma limapereka ku koleji, osati kwa mwana, kuti kolejiyo iyendetse ntchito yothandiza ophunzira osauka kuti alowe koleji ndi kumaliza. Zodziwika kwambiri ndi za TRIO: Upward Bound ya mu 1964, Talent Search ya mu 1965, ndi Student Support Services ya mu 1968, zonse zili pansi pa lamulo la Higher Education Act la 1965. Koleji ikapambana mpikisano imalandira ndalama za zaka 5.

Tinene mosabisa: ndalama zimenezi ndi za makoleji a ku America komanso ophunzira amene ndi nzika kapena okhazikika kumeneko mwalamulo. Mmalawi wopita pa viza ya sukulu salandira Pell, ndipo koleji ya kuno singapemphe TRIO. Ndiye ukakupezani uthenga wa pa WhatsApp woti boma la America likugawa ndalama kwa ophunzira, ingotumizani kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lilowe, dziwani kuti ndi akuba. Auzeninso makolo, chifukwa ndi iwo amene amapusitsidwa kwambiri mwana akangosankhidwa.

Makomo otseguka kwa ife ndi ena. Bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limakongoza ophunzira a m'sukulu zovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Fizi imapita ku sukulu, ya chakudya ndi malo ogona imalowa mu akaunti ya mwana. World Bank inavomereza mu 2021 madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE yothandiza mayunivesite ndi makoleji a ntchito zamanja. Ndalama za boma la America zinafikako kuno kudzera ku USAID, bungwe lake lothandiza mayiko ena, monga pulojekiti ya maphunziro apamwamba ya SHEAMA imene inkatsogoleredwa ndi Arizona State University, koma USAID inatsekedwa mu 2025. Otsala ndi akazembe a mayiko, mabungwe akunja, mabanki, makampani ndi mipingo.

Nanga za TRIO tikuzitchuliranji ngati sizathu? Chifukwa kachongedwe ka mapempho ake kanalembedwa poyera, ndipo mafunso ake ndi omwewo amene wopereka ndalama aliyense wochenjera adzakufunseni. Mukalemba pempho loti lingapambane pa muyeso umenewo, lidzaima paliponse.

Chinthu chimodzi musanayambe: amene amalandira ndalama zochuluka ndi koleji kapena bungwe lolembetsedwa, lokhala ndi akaunti ya ku banki m'dzina lake ndi malipoti a zachuma ounikidwa ndi akatswiri. Kwathu kuno kuli makoleji monga nthambi ya Lakeview ya Malawi Adventist University ku Ntcheu, koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, ndi koleji ya zankhalango ku Chongoni. Ngati ndinu komiti ya mpingo kapena gulu la ophunzira akale, lembetsani kaye, kapena saynirani mgwirizano ndi koleji kuti iyo isunge ndalama, inu mugwire ntchito ya kumudzi.

Mapointi amakhala pati

Malamulo a Student Support Services amagawa mapointi 100 motere: kukula kwa vuto 24, zolinga 8, ndondomeko ya ntchito 30, kudzipereka kwa koleji 16, ogwira ntchito 9, bajeti 5, kauniuni 8. Pempho limodzi limawerengedwa ndi anthu atatu. Koleji imene inayendetsapo bwino ntchitoyi imatha kuwonjezeredwa mapointi ofika 15.

Taonani pamene pali kulemera. Vuto ndi ndondomeko zokha zikutenga 54, bajeti 5 basi. Koma makomiti ambiri amachezera usiku pa bajeti, za vutolo n'kungolemba ndime ziwiri zonena kuti Malawi ndi dziko losauka. Gawani nthawi yanu monga mmene mapointi agawidwira.

Kuonetsa vuto ndi manambala anu

Pitani ku ofesi yosunga kaundula wa ophunzira mukatenge mayina a onse amene analowa m'zaka 3 mpaka 5 zapitazo. Pa gulu la chaka chilichonse werengani zinthu zitatu: analowa angati, anabwerera chaka chachiwiri angati, anamaliza angati. Kenako gawani manambalawo: ochokera ku CDSS paokha, a ku sekondale zogonera konko paokha, atsikana ndi anyamata, olandira ngongole ndi osalandira, aulumali. Mphamvu ya pempho ili pa kusiyana kumeneku. Tiyerekeze kuti mwapeza kuti mwa 100 ochokera ku CDSS amene amabwerera chaka chachiwiri ndi 70, pamene mwa anzawo ndi 90. Chiganizo chimodzi chimenecho chimaposa masamba atatu a madandaulo. Manambala anu adzakhala ena, koma kaikidwe kake n'komweko.

Chenjerani ndi chifukwa cholembedwa m'kaundula. Mabuku amangoti wachotsedwa chifukwa cholephera mayeso, kapena wasiya chifukwa cha ndalama, ngati kuti ziwirizi n'zosiyana. Mwana amene ankagona kutali ndi sukulu, wopanda laputopu, wolemba mayeso m'mimba muli gwaa, akawidedwa (akachotsedwa sukulu) amalembedwa kuti walephera maphunziro. Choncho imbirani foni anthu 20 kapena 30 mwa amene anachoka, muwafunse mafunso ofanana: unkagona kuti, unkalipira zingati, unkadya kangati, phunziro limene linakuvuta ndi liti, mwezi umene zinthu zinaipa ndi uti, unauzako yani. Funso lomalizali limaulula zambiri. Ambiri amayankha kuti sanauze aliyense, chifukwa sankadziwa khomo loti agogode.

Lembaninso chimene chilipo kale ndi pamene chimalekezera. Ngati ngongole ya boma imafika semesita itayamba kale, nenani kuti m'koleji mwanu inachedwa masabata angati chaka chatha. Ngati ndalama ya chakudya imatha pakati pa semesita, ikani pambali pake mtengo weniweni wa lendi, ufa, makala ndi bandulo ya intaneti, wotengedwa pa msika wa pafupi ndi kolejiyo, ndi tsiku limene munafunsa mitengoyo. Wopereka ndalama safuna kulipira chimene boma likulipira kale; amafuna kutseka mpata umene watsala.

Kusankha ana: apa m'pamene ntchito zambiri zimaonongekera

Ku America lamulo limati magawo awiri mwa atatu a ophunzira othandizidwa akhale aulumali, kapena osauka amenenso makolo awo alibe digiri. Wosauka amamuyeza ndi ndalama za banja zimene zili m'mabuku a msonkho: zisapyole maperesenti 150 a mzere wa umphawi. Muyeso umenewu kuno sungagwire. Mlimi wa kachewere ku Bembeke kapena wogulitsa kabichi pa Lizulu alibe pepala la msonkho, ndipo mukati makolo akhale opanda digiri ndiye kuti pafupifupi mudzi wonse walowa. Pangani muyeso wanu wa mapointi, muulembe m'pempho, ndipo muutsate.

Zizindikiro zodalirika ndi zimene zinalembedwa mwana asanadziwe kuti kudzabwera thandizo. Fizi ya ku sekondale ankamulipirira ndani? Ngati inali basale ya ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ya thumba la chitukuko cha dera, ya bungwe lothandiza atsikana la CAMFED kapena ya mpingo, pepala lake lilipo. Buku la ahedi limaonetsa ngati ankabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi, komanso kangati. Banja lili pa Mtukula Pakhomo? Makolo ali moyo, ndipo ngati anamwalira, chiphaso kapena kalata yotsimikizira ilipo? Pakhomopo pali ana angati ali pasukulu?

Kalata ya a nyakwawa kapena a gulupu ilandireni mwaulemu, koma isakhale umboni wokhawo. Mfumu singakanize mwana wa m'mudzi mwake kalata, ndipo sitingaiimbe mlandu pa zimenezo.

Kafunsidwe nako n'kofunika. Mukafunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji, mwana adzayankha kuti ndi aphunzitsi, inu n'kumuchotsa pa mndandanda, chonsecho bambowo anachoka pachikamwini mwanayo ali Sitandade 3 ndipo amene akumulera ndi agogo ake akuchikazi. Funsani kuti ukukhala ndi yani, ndipo semesita yatha anakulipirira ndani. M'madera mwathu yankho limakhala atsibweni, achemwali okwatiwa ku Lilongwe, kapena ganyu ya mwana mwini.

Simungayendere nyumba zonse, koma yenderani imodzi mwa zisanu zilizonse, zosankhidwa mwamaere, kuphatikizapo zonse zimene mukuzikayikira. Ngati n'kotheka pitani mu Januwale kapena Febuluwale. Mukapita mu Juni mudzapeza matumba a chimanga m'nyumba n'kuganiza kuti banjali lili bwino, osadziwa kuti theka lake ndi lobweza ngongole ya feteleza. Nyumba ya malata nayo isakupusitseni. Mwina anaimanga malemu, ndipo lero mulibe wopeza ndalama.

Kwa ana a m'malire, monga a ku Lizulu, Mlangeni, Biriwiri ndi Tsangano, kumene mabanja ena amalima tsidya la Mozambique, onani msanga ngati ali ndi chiphaso cha unzika ndipo dzina lake likufanana ndi la pa satifiketi ya MSCE. Chilembo chimodzi chosiyana chimaimitsa fomu ya ngongole komanso kutsegula akaunti.

Komiti yosankha ikhale ya anthu 5, mwa iwo amayi osachepera awiri ndi woimira ophunzira mmodzi. Aliyense asaine kuti alibe m'bale pa mndandanda. Ngati alipo, atuluke pokambirana za mwanayo. Muyeso upachikidwe poyera, koma za umphawi wa mwana, matenda ake ndi za makolo ake zitsekeredwe mu kabati. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna zimenezi, ndiponso ulemu wamba umafuna zomwezo. Perekani masiku 14 oti wosakhutira adandaule, ndipo sungani mndandanda wa odikira, kuti wina akachoka malo ake asapite kwa amene wangodziwana ndi abwana.

Zolinga

Zitatu zikwanira: angati adzabwerere chaka chotsatira, angati adzakhoze bwino osagwera m'gulu lochenjezedwa, angati adzamalize. Cholinga chilichonse chikhale ndi nambala ya lero ndi nambala imene mukufuna kufika. Ngati lero ndi 70 pa 100, lonjezani 80 kapena 82. Mukalonjeza 100 owerenga adzadziwa kuti simunagwirepo ntchitoyi, ndipo mukapambana mudzakhala mukupepesa chaka ndi chaka.

Ndondomeko ya ntchito

Lembani motsata kalendala ya mwana, kuyambira tsiku limene mayina atuluka.

Asananyamuke, asonkhanitseni kwa masabata awiri pa holo ya sekondale ina pa boma. Wochokera ku CDSS ya kumudzi mwina sanagwirepo kompyuta, koma sabata yoyamba yomweyo adzauzidwa kuti alembetse maphunziro pa intaneti ndi kutumiza ntchito pa imelo. M'masabata awiriwo aphunzire kutayipa, kutsegula ndi kutumiza imelo, kulemba nkhani ya kalasi m'Chingerezi osakopera za ena, ndi kubwereza masamu a Fomu 3 ndi 4. Nthawi yomweyo mudzaze nawo fomu ya ngongole ya HESLGB mmodzimmodzi, atsegule akaunti ya ku banki, ndipo nambala ya foni ikhale yolembetsedwa m'dzina lawo, osati la achimwene. Akumbutseni kuti ngongoleyo amapempha chaka chilichonse. Ambiri amaiphonya chaka chachiwiri poganiza kuti ikapita yokha.

Masabata 6 oyamba ndi amene amaonetsa amene ayamba kumira. Gwirizanani ndi aphunzitsi a maphunziro amene amagwetsa anthu ambiri m'koleji mwanu, kawirikawiri masamu, kemisitili ndi fizikisi, kuti mayeso oyamba akangochongedwa akupatseni mayina a amene apeza zochepa. Mukadikira zotsatira za kumapeto kwa semesita mwachedwa. Wogwa apatsidwe womuthandiza sabata yomweyo: wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi amene anakhoza bwino phunzirolo, wokhala ndi gulu la anthu 5 mpaka 8, kukumana kawiri pa sabata, maola awiri. Othandizawa alipidwe kangachepe mwezi uliwonse akapereka pepala la osaina. Ongodzipereka amayamba ndi moto, koma mayeso awo akayandikira amasowa, pa nthawi imene akufunika kwambiri.

Za chakudya, musapereke ndalama ya semesita yonse nthawi imodzi. Mwana akalandira ndalama yochuluka mu Novembala, kumudzi mayi ake akulira feteleza, adzatumiza, ndipo palibe angamudzudzule. Pofika Febuluwale iye ndiye wagona ndi njala. Perekani mwezi ndi mwezi pa tsiku lodziwika, kapena lipirani kwa ophika chakudya kuti mwana azidya ndi tikiti kamodzi pa tsiku. Lendi ipite kwa eni nyumba, risiti ibwere ku ofesi.

Ikani padera thumba la mwadzidzidzi. Zimene zimachotsa mwana pasukulu nthawi zambiri n'zazing'ono: thiransipoti yopita kumaliro ndi yobwerera, magalasi osweka, foni yobedwa muli manotsi onse, malungo sabata ya mayeso. Thumbali likhale ndi malire a ndalama pa munthu mmodzi, fomu ya tsamba limodzi, ndi anthu awiri oti avomereze pasanathe maola 48. Likamadikira msonkhano wa komiti wa kumapeto kwa mwezi, mwana amakhala atapita kale kwa akatapila.

Pali nyengo ziwiri zimene mapempho ambiri amaiwala. Ina ndi ya mayeso obwereza, amene amalembedwa anzawo atatsekera: mwana wa ku Kaphuka ayenera kupeza ya basi, pogona ndi chakudya kwa sabata yathunthu, ndipo akalephera kubwera chaka chonse chapita. Inayo ndi ya kuyeserera ntchito, kaya kusukulu kwa aphunzitsi, kuchipatala kapena ku kampani, pamene amalipira lendi kumalo achilendo. Zonse ziwiri zilowe mu bajeti.

Atsikana aikireni ndime yawoyawo. Malo ogona m'hositelo ya pasukulu ayambire iwo, chifukwa nyumba zotchipa za kunja zimakhala kutali ndipo kubwerera usiku kuchokera ku laibulale n'koopsa. Nenani amene mtsikana angakamuuze mwachinsinsi ngati wina akumufuna chibwenzi posinthana ndi malikisi kapena ndalama, ndipo munthuyo asakhale wa m'dipatimenti yomweyo. Nenaninso chimene chidzachitike akatenga pathupi: malo ake pa thandizo asungidwe mpaka abwerere. Kwa aulumali funsani mwini wake chimene akufuna musanagule kanthu. Wosaona angafune makina a zilembo za Braille kapena kompyuta yowerenga mokweza. Wachialubino angafune mapepala a zilembo zikuluzikulu, mpando wa kutsogolo ndi mafuta oteteza khungu.

Malaputopu agulidwe ngati katundu wa koleji wobwereketsa, olembedwa nambala, osainidwa semesita iliyonse. Imodzi pa anthu awiri kapena atatu a kalasi imodzi imakwanira chaka choyamba. Ndipo ntchito yonseyi ipatsidwe dzina loti mwana asachite nalo manyazi. Mukalemba pachitseko kuti ofesi ya ovutika, amene akuvutikitsitsa sadzalowamo.

Ku America koleji siloledwa kugawa kwa ophunzira zoposa maperesenti 20 a ndalama za Student Support Services. Zotsala ndi za kuphunzitsa ndi uphungu. Kwathu kuno njala ndi yeniyeni, ndiye gawo la chakudya ndi pogona liyenera kukula kuposa pamenepo, mwina kufika theka. Koma ife sitivomereza zoti ndalama zonse zithere m'matumba a ana. Wokhuta amene sakumva masamu adzawidedwabe.

Kudzipereka kwa koleji ndi ogwira ntchito

Kalata ya mkulu wa koleji yongoti tikugwirizana nazo ilibe phindu. Itchule zinthu zogwirika: chipinda chakuti, makompyuta angati, maola angati a wowerengera ndalama, malo angati m'hositelo. Lonjezo lamphamvu koposa, lomwenso silidya ndalama, ndi lakuti mwana wa pa thandizoli sadzaletsedwa kulembetsa kapena kulemba mayeso chifukwa choti ngongole ya boma yachedwa.

Woyendetsa ntchito akhale wa ntchito yomweyo basi, osati mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi anayi. Malamulo a ku America amaperekanso mapointi kwa koleji imene ikufuna kulemba anthu amene anadutsa m'mavuto ofanana ndi a anawo. N'zomveka: amene anaphunzira ku CDSS n'kumaliza digiri amadziwa kuti mwana akati zili bwino, koma nsapato ndi zomwe zija, milomo itauma, zinthu sizili bwino.

Bajeti

Mzere uliwonse uonetse mtengo wa chimodzi, kuchuluka kwake, ndi miyezi: othandiza anzawo 8, ndalama yakuti pa mwezi, miyezi 8. Pa katundu wogula ikani makoteshoni atatu. Za kayendetsedwe ka ofesi zikhale zochepa; pa TRIO malire ake ndi maperesenti 8. Ma alawansi a misonkhano ya ku nyanja asapezekemo n'komwe, chifukwa owerenga akangowaona amayamba kukayikira mizere ina yonse.

Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022 ndi 44 mu Novembala 2023. Bajeti ya zaka 5 yolembedwa ndi mitengo ya lero imafika chaka chachitatu itatha mphamvu. Kwezani mitengo chaka ndi chaka m'bajetimo, mufotokoze chifukwa chake, ndipo ngati ndalama zikubwera m'madola pemphani kuti zisungidwe mu akaunti ya ndalama zakunja, muzisintha pang'onopang'ono.

Werengeraninso zaka. Digiri ndi ya zaka 4, ina 5. Mukatenga gulu latsopano m'chaka chachinayi cha thandizo la zaka 5, anawo adzatsala padzuwa ali chaka chachiwiri. Tengani magulu awiri oyamba okha kuti muwafikitse kumapeto, kapena onetsani amene adzalipirire otsalawo. Kuli bwino ana 60 omaliza kusiyana ndi 200 osiyidwa pakati.

Kutumiza

Ngati ndalama zake ndi za boma la America, bungwe lanu liyenera kulembetsa pa tsamba la intaneti la SAM.gov kuti lipeze nambala yozindikiritsa bungwe yotchedwa UEI, imene inalowa m'malo mwa nambala yakale ya DUNS mu Epulo 2022, ndipo mapempho ambiri amadutsa pa tsamba la Grants.gov. Kulembetsaku n'kwaulere, kumatenga masabata, ndipo kumafuna kukonzedwanso chaka chilichonse. Chimene chimachedwetsa ambiri ndi dzina ndi keyala: zilembedwe ndendende ngati pa satifiketi ya bungwe ndi pa mapepala a ku banki. Yambani tsiku limene mwaona chilengezo. Nthawi yotsekera imakhala ya ku Washington, imene imatsalira maola 6 kapena 7 pa yathu malinga ndi nyengo. Musadalire zimenezo, magetsi ndi netiweki sizidziwa kuti muli ndi pempho. Tumizani kutatsala masiku atatu, ndipo sungani uthenga wotsimikiza kuti lalandiridwa.

Malangizo a kalembedwe atsateni ngati lamulo: kuchuluka kwa masamba, kukula kwa zilembo, mipata ya pakati pa mizere. Mu 2017 unduna wa zamaphunziro ku America unakana mapempho makumi angapo a Upward Bound osawawerenga n'komwe, chifukwa cha zinthu ngati mipata ya mizere, ndipo zinatengera aphungu a nyumba ya malamulo kulowererapo kuti aonedwenso. Pempho la ku Ntcheu silidzapeza woliyankhulira chotero. Mitu ya pempho lanu itsate mitu ya muyeso, mwa dongosolo lomwelo, kuti wochonga asavutike kufunafuna. Lisanapite, lipatseni munthu amene sanalembe nawo, alichonge ndi muyesowo m'manja.

Ndalama zikafika

Tsegulani akaunti yakeyake yosainira anthu awiri. Cholakwa chimene chimapha ntchito zambiri si kuba kwa usiku, koma kubwereka: malipiro a ogwira ntchito achedwa, akuluakulu akuti titengeko ku thumba la ana tibweza mwezi wamawa. Ngakhale zitabwezedwa, sitetimenti ya ku banki imaonetsa, ndipo ounika mabuku amazitenga ngati ndalama zogwiritsidwa ntchito molakwika. Kusamutsa ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina kumafunanso chilolezo cholembedwa; cha pafoni sichiwerengedwa.

Mwana aliyense akhale ndi fayilo yake: umboni umene unamulowetsa, mapointi amene anapeza, zimene walandira ndi siginecha yake, masiku amene anafika kwa womuthandiza, ndi zotsatira za semesita iliyonse. Mwezi uliwonse yerekezani malisiti ndi sitetimenti. Semesita iliyonse yerekezani mndandanda wanu ndi kaundula wa koleji, chifukwa mwana amatha kusiya sukulu mwakachetechete ndalama zikupitabe ku akaunti yake, ndipo pa kauniuni zimenezo zimaoneka ngati mayina a mizukwa.

Mu lipoti nenani zoona za amene agwa, chifukwa chake, ndi chimene mwasintha. Opereka ndalama amapirira nambala yotsika yofotokozedwa bwino, koma akapeza okha kuti munabisa, khomo limatsekeka, ndi kwa makoleji oyandikana nanu omwe.

Kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kunaonetsa kuti thandizo lakunja lingathe kuduka pakati pa chaka. Choncho komiti igwirizane kuyambira tsiku loyamba, ndi kulemba m'maminitsi, za amene adzatetezedwe ndalama zikachepa: a chaka chomaliza poyamba, kenako aulumali ndi atsikana okhala m'nyumba za lendi, ndipo kulemba ana atsopano kuime. Pofika chaka chachitatu yambani kusamutsira ku bajeti ya koleji zinthu zotsika mtengo, monga malipiro a othandiza anzawo ndi thumba la mwadzidzidzi, ndipo tengani manambala a zaka ziwiri zoyambazo mupite nawo ku khonsolo ya boma, kwa ophunzira akale ndi ku mabanki amene ali ndi nthambi pa Dedza ndi pa Ntcheu.